Tsiku Limene a Mackson Anamwalira Ali ku Jakisoni

Tiyamike sanali mtsikana wochita zinthu zoti anthu n'kumakamba. Kusukulu aphunzitsi ena anamudziwa dzina atatsala pang'ono kulemba mayeso a Folomu 4, ndipo chilembereni mayesowo ankangokhala pakhomo, kusesa, kutunga madzi, kudikira zotsatira. Ndiye zimene anachita Lachinayi lija, mpaka lero akazikumbukira amabisa nkhope m'chitenje ngakhale ali yekha.

Nkhani yake inali ya bambo ake, a Mackson. Atathyola tiyi ku esiteti zaka zambirimbiri, mwendo wawo wakumanzere unatupa, bala la pa akakolo n'kukana kupola. Adokotala a pa kachipatala ka m'dera lawo, kufupi ndi Chonde, anati azibwera m'mawa uliwonse masiku asanu kudzabayitsa jakisoni, ndipo akangodumphitsa tsiku, mwendowo asadzawadandaulire. Kachipatalako sikanali kutali. Ukaima pakhonde pa a Mackson unkaona denga lake. Koma pakati panali msewu waukulu, umene maminibasi ochokera ku Limbe amathamangiramo kupita ku Muloza ngati malire akutsekedwa lero lomwe.

Pamalopo panajambulidwa mizere yoyera. Tiyamike anaphunzira kusukulu kuti munthu akaponda pa mizere imeneyi galimoto iyenera kuima, ndipo funso limeneli analikhoza. Zikuoneka kuti madalaivala anaphunzira sukulu ina.

Lolemba Tiyamike ndi bambo ake anadikira m'mbali mwa msewu mpaka mwendo wawo wabwinowo unayamba kupweteka. Lachiwiri anawoloka mwamwayi. Lachitatu ali pakati penipeni, kunatulukira minibasi ya a Kingstone, bambo wa m'mudzi woyandikana nawo, amene ankakhulupirira kuti Mulungu anapatsa galimoto huta n'cholinga choti mabuleki azipuma. Minibasiyo inadutsa pafupi kwambiri moti inamenya ndodo ya a Mackson n'kuiponyera m'ngalande.

"Madala, msewu si khonde lanu!" anakuwa a Kingstone, mawuwo n'kupita ndi mphepo.

Atafika kunyumba a Mackson anakhala pampando wawo.

"Tiya, mawa sindipita," anatero. "Bola mwendo uwole ndili pakhomo panga kusiyana n'kukanditola ndi fosholo."

Tiyamike anangowapukutira ndodo yawo ija. Kukangana ndi akulu sankakudziwa. Koma tsiku lonse anangoganiza za chinthu chimodzi chimene anachiona kuyambira ali mwana. M'mudzi mukagwa zovuta, anyamata amathyola nthambi zamasamba n'kuziyala mopingasa msewu, zina kumtunda, zina kumunsi kwa nyumba ya maliro. Zikatero dalaivala aliyense amasanduka mkulu wa mpingo. Amachepetsa liwiro, amatsitsa wailesi, akabaza amatsika panjinga n'kumaikankha, zipewa zili m'manja. Munthu wakufa, amene sangagundidwenso, amamulambalala mwaulemu wonse.

Lachinayi m'mawa amayi ake, a Dyna, atalawirira kumunda wa nandolo, Tiyamike anathyola nthambi za mango kuseri kwa nyumba. Anayala zina cha ku mlatho, zina cha pa golosale. Anadziuza kuti ndi kanthawi kochepa chabe, akangowolotsa bambo ake azichotsa. Kenako anawanyengerera.

"Ababa, tiyeni tikangoona. Kukakhala galimoto zambiri tibwerera."

Kuwoloka kwa tsiku limenelo kunali ngati kwa m'maloto. Lole ya matabwa inabwera ikukwawa, n'kuima. Minibasi inazimitsa nyimbo. Mnyamata wa njinga yamoto anavula chipewa n'kuweramitsa mutu. A Mackson, amene poyenda ankangoyang'ana pamene akuponda, sanaone nthambi zija.

"Lero anthu agona bwino," anatero atafika tsidya.

Pachipatala panali mzere wautali. Tiyamike anawapezera malo pabenchi, n'kubwerera mothamanga kuti akachotse nthambi. Koma asanazifike anamva kulira kukuchokera kwawo.

Pakhonde panali patakhala kale amayi asanu ndi mmodzi, mipango kumutu. Amene ankatsogolera kulira anali Mayi Enifa, oyandikana nawo nyumba, amene maliro sawapitirira ngakhale a kutsidya kwa Ruo. Palibe amene anafunsa zambiri. Mudzi wonse unkadziwa kuti a Mackson akudwala, nthambi zili uku ndi uku, nyumba yawo pakati, chitseko chotseka.

Tiyamike anatsegula pakamwa. Mawu analipo, oyalidwa bwino ngati yankho la mayeso, koma maso onse aja atamutembenukira, mawuwo anabwerera m'mimba. M'malo mwake kunatuluka misozi, ya mantha okhaokha.

"Usalankhule, mwana wanga," anatero Mayi Enifa n'kumukokera pachifuwa. "Tikudziwa. Wasiyidwa iwe. Mayo ine, alamu anga!"

Anthu anapitiriza kubwera. Wina anatumiza mwana kumunda kukaitana a Dyna. Amuna anakhala pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba kufunsana ngati amfumu auzidwa. Tiyamike, nkhope itapanikizidwa pa bulauzi ya Mayi Enifa, ankapemphera kuti nthaka ing'ambike.

Posakhalitsa minibasi ya a Kingstone inafika ikuyenda ngati yanyamula mazira. Inaima m'mbali, anthu odzaza m'katimo, mwini wake n'kutsika, kapu m'manja. Anagwada pang'ono pamaso pa amuna aja, n'kuyandikira kukhonde kuti amayi nawonso amve.

"Pepani, pepani nonse," anatero ndi mawu a m'tchalitchi. "Madala amenewa anali ngati bambo anga. Funsani kondakitala wangayu. Ine ndikangowaona pamsewupa ndimaima, kaya ndachedwa bwanji. Dzulo lomweli tinapatsana moni."

"Zoona," anatero kondakitala ali pawindo. "Anawaimikira dzanja."

"Anthu ngati inu ndi ochepa, achimwene," anatero Mayi Enifa akupukuta mphuno.

Ndi pamenepo pamene kunamveka mawu ochokera kutsidya kwa msewu.

"Tiya! Iwe Tiya! Wandisiya bwanji? Kodi kwathuko kwagwa chiyani?"

Malemu anali ataima pa mizere yoyera, atatsamira ndodo, dzanja lina likusisita pamene abayidwa. Amayi awiri anathawira kuseri kwa nyumba. Mayi Enifa anasiya kulira pakati pa liwu, kukamwa kuli yasa. Mmodzi wa okwera minibasi anaseka mpaka kumenya galasi.

"Ndani wayala nthambizi?" anafunsa a Lackson, mlongo wawo wa a Dyna, amene anali atabwera kale ndi khasu lokumbira manda.

"Ndine, ankolo," anatero Tiyamike. Mawu anatuluka aang'ono ngati a mwanapiye, koma anatuluka. "Dzulo galimoto inawamenyera ndodo. Anati sapitanso ku jakisoni. Ndimafuna angowoloka."

"Galimoto yake ya ndani?" anafunsa Mayi Enifa.

Tiyamike sanatchule dzina. Anangoyang'ana pansi, pafupi ndi nsapato za a Kingstone. Kondakitala anabweza mutu wake m'kati n'kutseka windo.

A Lackson anapita kumsewu mokwiya n'kukankhira nthambi zonse m'ngalande, akudandaula kuti ana a masiku ano akusewera ndi imfa. Nthambi zitangochoka, ulemu unatha. Lole inadutsa ndi mkokomo, maminibasi awiri akupikisana pambuyo pake. A Mackson anayesa kuponda pa phula, n'kubweza mwendo. Tsopano popeza anali amoyo, panalibenso wowaimira.

Mayi Enifa anamanga chitenje chawo mwamphamvu.

"A Kingstone, paja mwati ndi bambo anu? Si awo ali apowo. Kawatengeni."

"Mayi, anthu akuchedwa m'galimotomu…"

"Sitikuchedwa!" anakuwa mayi wina m'minibasi. "Tikufuna tione!"

A Kingstone anavala kapu, n'kuivulanso. Analowa mumsewu manja ali m'mwamba. Galimoto yoyamba inawalambalala ngati mbuzi. Yachiwiri inawaimbira huta, iwo n'kudumpha chammbuyo, patapata imodzi kutsala pakati pa msewu.

"Ukufuna kufa, chidakwa iwe?" anawakuwira dalaivala wake.

"Simukuona anthu?" anabwezera a Kingstone. "Anthu osaphunzira inu! Malayisensi ogula!"

Yachitatu inaima. A Kingstone anagwira a Mackson pamkono n'kuwawolotsa, thukuta lili kamukamu.

A Dyna anafika akuthamanga, akulira, matope mpaka m'mawondo, n'kupeza amuna awo atakhala pakhonde akupempha madzi akumwa. Zimene anamuuza Tiyamike masana amenewo sizoti n'kulemba. Anamutuma khomo ndi khomo kukapepesa, ndipo iye amene ankaopa kupereka moni analankhula ndi mudzi wonse tsiku limodzi. A Mackson okha sanamukalipire. Anangofunsa kuti pamaliro awo panabwera anthu angati, ndipo atamva kuti a Hopeson a pa golosale sanatseke n'komwe, anakhumudwa kwambiri.

Lachisanu kunatsala jakisoni womaliza. Tiyamike ndi bambo ake anaima pa mizere yoyera, popanda tsamba ngakhale limodzi pamsewu. Mayi Enifa anatulutsa mpando n'kukhala pabwalo pawo, poonekera bwino, manja atapinda. Galimoto zinayi zinadutsa osawayang'ana. Yachisanu inali ya a Kingstone. Inabwera ndi liwiro lake lomwe lija, kenako mabuleki analira ngati sanagwirepo ntchito chigulireni, n'kuima.

Anaima ndithu, koma dzanja silinachoke pa huta. Analiza kuyambira pamene a Mackson anaponda mzere woyamba, ndipo a Mackson sanafulumire ngakhale pang'ono. Pakati pa msewu anaima n'kukonza kolala ya malaya awo. Tiyamike, makutu akuyaka ndi manyazi, anawagwira mkono mwamphamvu mpaka mapazi onse awiri ataponda dothi la tsidya linalo.