Kabokosi ka m'boti la achimwene

Ndinenetu poyamba: kabokosi kaja ndinapanga ndine. Si azungu, si boma, si anthu a ku Maputo ayi. Ndine Mércia, wa pa Msumba pompano, amene anthu amandinyogodola kuti "a Injinyeira" chifukwa ndinapita kukaphunzira ku Nampula n'kubwerako ndi makompyuta m'malo mwa mwamuna. Aziseka, pakamwa ndi pawo.

Kabokosiko n'kofanana ndi njerwa kukula kwake, kosalowa madzi, ka batani limodzi lofiira. Umakamangirira m'boti. Zikavuta panyanja umakanikiza batanilo, kawailesi ka m'kati mwake n'kutumiza uthenga kumtunda, ndipo cholandirira chimalira n'kusonyeza pamene pali botilo. Cholandiriracho tinachiika pakhonde la a Hosea, mkulu wa mpingo wathu, amene anasiya usodzi chifukwa cha bondo. Anadzipereka okha kuti azikhala pamenepo masana onse. Timabokosi tinalipo khumi ndi tiwiri, ndipo koyamba ndinapatsa achimwene anga a Timoteo, amene ankanyamula katundu pa boti la injini kupita kumidzi ya kumpoto kumene shapa, minibasi ya kwathu kuno, safika.

Lachiwiri lina mu Julaye, mwera utawomba masiku anayi dzuwa losaoneka, achimwene ananyamuka ndi matumba a simenti. Anali ndi mnzawo wa ntchito, a Alawi. Cha m'ma dezi ola, 10 koloko ya m'mawa, injini inazima, boti n'kupingasa, mafunde n'kuyamba kulowa. A Alawi anapulumuka atakumbatira chigubu cha petulo. Achimwene tinawapeza tsiku lachitatu.

A Alawi atayamba kuyankhula, ananena chinthu chimodzi, n'kumachibwereza kwa aliyense wobwera kudzawaona: "Batani anakanikiza. Ndinaona ndi maso angawa. Anakanikiza mpaka boti kumira." Pagombe tsiku limenelo panali maboti atatu a injini, ndipo akanafika pamalopo msanga ndithu. Palibe linanyamuka, chifukwa palibe amene anauzidwa. Ndiye anthu anapeza yankho lawo: a Hosea anagona, kapena anachokapo.

Ine ndiye ndinaposa onse. Mtima wanga ndi wapachala, aliyense amadziwa. Pamaliro pomwepo, anthu ali mbwee, ndinaimirira pamaso pa munthu wamkulu ngati uja n'kumuloza chala. "Ntchito yanu inali imodzi yokha, kukhala pansi! Kukhala pansi kokhako kunakukanikani?" A Hosea anavula chisoti n'kuwerama. Kuyambira pamenepo anasiya kuwerenga Mawu m'tchalitchi, ankakhala pabenchi lakumbuyo, ndipo alamu anga a Celina, akazi a malemu, akakumana nawo panjira ankatembenukira kumbali.

Patatha milungu iwiri boti linakankhidwira kumtunda cha ku Lunho, kabokosi kadali komangirira. Asodzi a kumeneko anakabweretsa. Ndinakondwa, Mulungu andikhululukire, chifukwa ndinati tsopano ndapeza umboni wowatsekera pakamwa amene ankati tiwamvere chisoni a Hosea.

Apa ndifotokoze pang'ono. M'kabokosimo muli kakompyuta, ndipo pakatikati pa pulogalamu yake pali chimene timati kenelo. Ndiyo imalamula batani, wailesi, bateriya, zonse. Kenelo siyankhula, imangogwira ntchito. Ukafuna kudziwa zimene ikuchita, umaikiratu timizere tapadera m'malo osankhika pamene ukuimanga. Anzanga a ntchito amati matiresipoyinti. Ine pofotokozera achimwene ndinkati timbedza, chifukwa timangokhala phee pamene unatitchera, ndipo ntchito ikadutsapo kambedzako kamalemba nthawi ndi dzina la chadutsacho. Koma kambedza sikasuntha. Pamene sunatchere suona kanthu, ndipo sungabwerere dzulo kuti ukatchere.

Panjira ya uthenga ndinatchera titatu. Koyamba pa batani. Kachiwiri pamene kenelo imadzutsa wailesi, poti wailesiyo imagona kuti isamalize bateriya. Kachitatu pamene uthenga ukutuluka. Tonse titatu ndinatisiya totsegula, tikulemba pa kakhadi ka m'kati. Mu cholandirira cha a Hosea sindinatcheremo n'kamodzi komwe. Icho chinkangolira kwa mphindi zisanu n'kukhala chete, osasiya chizindikiro.

Ndinachotsa kakhadi, ndinakapukuta, ndinakalowetsa m'kompyuta yanga patebulo la m'chipinda chodyera. Kunali m'mawa, nkhuku zikusokosa panja. Ndinapita pa tsiku la ngozi.

Batani, 10:07. Mzere wotsatira: kudzutsa wailesi. Ndinati eyaa, tsopano pabwera kutumiza.

Batani. Batani. Batani.

Ndinatsika pansi, ndinakwera, ndinatsikanso. Ndinafufuza dzina la kambedza kachitatu m'tsiku lonselo. Panalibe. Mayo ine! Uthenga sunatuluke m'botimo n'kamodzi komwe.

Ndinawerenga mizere ya batani ndi chala pagalasi, ngati mwana wa sukulu. Inali makumi asanu ndi limodzi kudza itatu, pa mphindi khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ndipo nthawi zija zinandionetsa achimwene anga ngati ndili m'botimo. Poyamba ankakanikiza modekha, n'kudikira, monga ndinawaphunzitsira. Kenaka pali mpata wa mphindi zitatu, mwina ankakapa madzi kapena kukoka chingwe cha injini. Kenaka mofulumira, katatu pa sekondi imodzi. Chakumapeto mipata inakula. Mzere womaliza unali 10:26. Ndinadzuka, ndinapita kuseri kwa nyumba n'kusanza.

Komabe mtima wa munthu ndi woipa. Ndinadziuza kuti mwina madzi analowa, mwina kawailesi kanapsa. Ndinakayesa, kanali kabwinobwino. Pakati pa kambedza kachiwiri ndi kachitatu panali mizere ya pulogalamu ngati makumi anayi imene ndinalemba ndekha, ndipo pamenepo sindinatchere chilichonse. Chifukwa chiyani? Chifukwa ndinkadzikhulupirira. Ndinati apa ndiye palibe chingavute, a Injinyeira alemba okha.

Ndinatchera timbedza tisanu ndi kamodzi m'mizere imeneyo, ndinamanganso kenelo, n'kuyamba kuyesa. Ndi bateriya yodzaza, uthenga unkatuluka nthawi zonse. Tsiku lachiwiri ndinakumbuka mitambo ya mlungu uja. Ndinaphimba ndi chitenje kasola kamene kamatchaja bateriya ya kabokosi ndi dzuwa, ndinasiya bateriya itsike, n'kukanikiza. Zii. Timbedza tatsopano tinandisonyeza pomwe zinaima: gawo loyang'anira bateriya linagwira loko wa m'pulogalamu likudikira kuti wailesi idzuke, pomwe wailesi inkadikira loko yomweyo kuti idzuke. Zinali ngati anthu awiri aulemu pakhomo, aliyense akuti yambani ndinu, mpaka kalekale. Miyezi yonse ija ndinkayesera patebulo, bateriya ili yodzaza, dzuwa likuswa mtengo. Nanga boti limavutika tsiku la dzuwa?

Masana omwewo ndinazungulira pagombe n'kumasula timabokosi tonse khumi ndi kamodzi. Eni maboti anafunsa chifukwa chake, ine ndinangoti ndikukakonza.

M'mawa mwake ndinapita kwa a Hosea. Ndinawapeza pakhonde, pampando womwe uja, pambali pa cholandirira. Anali ataonda, malaya akungolendewera. Ndinagwada chapoteropo n'kupereka moni, koma ndisanayambe nkhani iwo anakweza dzanja.

"Mwana wanga, wachita bwino kubwera. Ndakhala ndikufuna kukuuza." Anayang'ana cholandiriracho. "Unanena zoona tsiku lija. Ndinachokapo. Mbuzi zinalowa m'munda wa chinangwa, ine n'kupita kukaziingitsa. Ndi bondo ili ndinachedwa, mwina mphindi khumi. Chinalira ine kulibe. Timoteo ndinamugwira pa ubatizo ndine, ndiye ndamusinthanitsa ndi chinangwa. Lamulungu likubwerali ndidzaima pamaso pa mpingo, ndidzanene."

Ha! Sindikunamizeni, Satana anandikhalira paphewa. Munthu wavomera yekha. Kakhadi kaja palibe wina pa Msumba angakawerenge. Ndikanangokonza timabokosi, n'kutibwezera m'maboti, ndikanakhalabe mlongo wofedwa amene aliyense amamumvera chisoni. Ndinaziganizira ndithu zimenezo, ndipo manyazi ake sadzandichoka.

"Bambo," ndinatero potsiriza, "sichinalire."

"Wati bwanji?"

"Sichinalire. Mukanakhala pampando umenewo tsiku lonse osaphethira, simukanamva kanthu. Uthenga sunachoke m'boti. Ndinalakwitsa ndine popanga."

Ndinawaonetsa pepala limene ndinasindikiza, ndinawafotokozera za timbedza titatu tija. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anafunsa ngati mwana, "Ndiye si ine?" Ndinati si inu. Anaphimba nkhope ndi chisoti n'kulira mokweza, mapewa akugwedezeka, mpaka akazi awo anatuluka kukhitchini akuthamanga. Ine ndinali chigwadire. Ndinayembekeza kuti andibwezera mawu anga a pamaliro, ndipo zikanandipepukira. Koma atapukuta maso anandiyang'ana n'kunena, "Iii, mwana iwe. Ine ndasenza milungu itatu yokha, ndatsala pang'ono kufa. Nanga iwe?"

Anati tingathe kuuza anthu kuti makina anangolephera, osatchula dzina. Ndinakana. Ndinawanyoza pagulu, ndiye pagulu pomwepo ndidzawayeretsa. Koma Lamulungu lisanafike panali munthu mmodzi amene sankayenera kumva nkhaniyi pabenchi la m'tchalitchi.

A Celina ndinawapeza kuseri kwa nyumba yawo akusenda chinangwa, atavala zakuda. Ine ndi iwo tinkagwirizana kwambiri. Masiku onse a maliro tinagona pamphasa imodzi. Atandiona anamwetulira pang'ono n'kundikankhira kampando.

"Alamu, mwasowatu. Makompyuta akukwatirani?"

Sindinakhale pakampandopo. Ndinakhala pansi, pafumbi, n'kunena zonse, kuyambira pa kakhadi mpaka pa a Hosea. Sindinachepetse kalikonse. Mpeni unaima m'manja mwawo. Sanakuwe, sanagwe pansi. Anangondiyang'ana ngati munthu wachilendo walowa pabwalo.

"Ndiye munthu wamkulu uja tamuzunza chabe."

"Inde, alamu."

"Ine ndinamulavulira malovu pamsika, mukudziwa? Chifukwa cha mawu anu."

"Ndikudziwa."

Anaika mpeni m'beseni. "Pepalalo ndi limeneli? Bweretsani." Ndinawapatsa. Sankadziwa mayina a Chingerezi aja, koma manambala a nthawi ankawadziwa. Anayendetsa chala pang'onopang'ono kutsika tsamba loyamba, lachiwiri.

"Mzere uliwonsewu ndi chala chawo?"

"Inde."

"Kangati?"

"Makumi asanu ndi limodzi kudza katatu."

Anagwedeza mutu, misozi n'kuyamba kutsika, koma mawu awo anali osalala. "Zaka khumi ndi zinayi ndakhala nawo bambo aja. Sankaitana munthu kawiri. Akandiitana kamodzi ine osayankha, ankangodzuka n'kukatenga okha chimene akufunacho. Ngakhale ana sankawaitana kawiri." Anayang'ananso pepalalo. "Akanadziwa kuti palibe akumva, akanataya simenti ija msanga, akanagwira chigubu ngati a Alawi. Koma anakhala pa batani. Anati chinthu chopanga mlongo wanga sichinganame."

Ndinafuna kuti ndigwire mapazi awo. Anawabweza.

"Ayi, alamu. Osati lero. Sindikukutembererani, ndinu azakhali a ana anga. Lamulungu mukanene, ine ndidzakhalapo, ndipo kwa a Hosea ndipita ndekha. Koma pakhomo pano musafikepo kaye. Ndikadzatha kukuyang'anani ndidzakutumizirani mawu."

Ndinadzuka. Nditafika pangodya ya nyumba ndinakumbuka kuti pepala lija ndidzalifuna m'tchalitchi, ndipo ndinacheuka. A Celina anali atatsegula tsamba lomaliza, chala chawo chachikulu chili pa mzere wa 10:26, akukanikiza pang'onopang'ono. Ndinawasiyira pepalalo.