Nantchengwa m'thumba la Tionge

"Tsitsa thumbalo tione!"

Tionge anatembenuka. A Wadson, achimwene ake a malemu mwamuna wake, ankatsetsereka pakhoma la damu, maso ali psuu. Amayi amene ankatunga madzi anasiya ndowa zawo n'kuima.

Linali Loweruka la mu Julaye, chisanu chake chong'amba milomo chija. Tionge anali mmodzi mwa anthu odzipereka amene parishi inawasankha kuti aziyendera damu la kwa Zemba miyezi yozizira. Ankaona pamene madzi alekeza pa ndodo yoyezera, n'kulemba pa fomu akakowa ndi atsekwe amene wawapeza. Chakufa chilichonse ankayenera kuchitola n'kuchipititsa ku ofesi ya ziweto ku Boma. Ntchitoyi inalibe malipiro, koma chipongwe chokha ndiye chinalipo chodzaza dengu. Ankamunena kuti ndi mbusa wa mbalame za Mulungu.

"Mwadzuka bwanji alamu?" anatero Tionge.

"Ndadzuka bwanji? Ng'ombe yanga ya ngolo yafa dzulo, thovu kukamwa. Inamwa muno. Nanga amene amazungulira damuli yekhayekha m'nkhungu, kulankhula ndi mabango, ndani?"

Asanayankhe, a Wadson anamulanda thumbalo n'kulikhuthula. Munagwa milamba iwiri yotupa mimba, kenako mbalame yakhofi ya mutu wonga hamala, miyendo ili chuu.

"Mayo ine, nantchengwa!" anakuwa a Jenipher, make Luka, amene ankakhala ndi Tionge benchi limodzi kutchalitchi. Anabwerera m'mbuyo akuchita chizindikiro cha mtanda. Kwa Zemba mbalame imeneyi ngakhale chisa chake sachiloza chala, ndiye munthu aziinyamula m'thumba ngati nkhuku ya mlendo?

"Mwaona?" a Wadson anatero. "Lamulungu ali patsogolo kuimba kwaya. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mng'ono wanga anapita chonchi, lero ng'ombe yanga. Mawa ana anu."

"A Tionge, inu zoona?" a Jenipher anafunsa. "Ife timati mumawerenga mbalame, kani mumasankha zizimba?"

 Chimene chinamuwawa kwambiri Tionge n'chakuti iyeyo ndiye ankawabisira a Wadson. Masabata atatu apitawo anawaona akutsuka pampu yopopera tomato m'kakhwawa ka kumunsi kwa dimba lawo, madzi oyera ngati mkaka akulowa m'damu. Kuyambira pamenepo nsomba zinayamba kuyandama. Pa fomu panali malo ofunsa chimene akuganiza kuti chapha nyamazo, ndipo katatu konse iye analemba kuti sakudziwa. Akanatani? Iye anali mtengwa, kwawo kunali kwa Mlolo, ndipo munda umene ankadyetsera ana ake anaulima chifukwa a Wadson analola. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Tsono mjigo unali utafa sabata yatha, amayiwa n'kuyamba kutunga m'damu madzi akumwa, iye ali duu. Pamenepo ndi pamene anadziona kuti nayenso si woyera.

"Alamu," anatero, "mukuti ng'ombe yaphedwa ndi ufiti wanga?"

"Ndanena Chizungu kapena?"

"Ndiye kuti madziwa alibe vuto."

"Vuto ndiwe."

Tionge anatenga chikho chimene chinali pa ndowa ya a Jenipher. Anayenda masitepe makumi awiri mpaka pakakhwawa kaja, pamene udzu unali utapsa ngati wathiridwa madzi otentha. Anatunga chodzaza, n'kubwera nacho osataya ngakhale dontho.

"Imwani."

A Wadson anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa mano okha. "Ndimwe za m'manja mwa mfiti?"

"Chabwino. A make Luka, atungireni ndinu pomwepo. Manja anu ndi obatizidwa."

A Jenipher anayang'ana uku ndi uku, kenako anapita. Atafika pakakhwawa anawerama, nanunkhiza, nadzuka nkhope itasintha. Ndi phazi anafukula kabotolo kamene kanali katakwiririka m'matope, ka chithunzi cha chigaza.

"A Wadson, fungo ili ndi la m'dimba mwanu. Ine mwana wanga wakhala akutsegula m'mimba chiyambire Lachitatu!"

"Ndiye botolo lili ndi dzina langa?"

"Imwani tsono, tione," anatero mayi wina.

A Wadson sanamwe. Anakankha chikho chija mpaka chinagwera pamchenga. Amayi anayamba kukhuthula ndowa zawo mmodzimmodzi, akutukwana chapansipansi. Koma musaganize kuti anamupepesa Tionge. A Jenipher anamuloza ndi chala.

"Inunso munkadziwa. Mumatiyang'ana tikutunga."

"Ndinkadziwa," Tionge anavomera. 

A Wadson anayandikira mpaka Tionge anamva mpweya wawo. "Ukalemba dzina langa papepala lakolo, munda uja uiwale. Mvula ikagwa ukadzale kwanu kwa Mlolo."

Tionge anavala pulasitiki kumanja, n'kubwezera milamba ndi nantchengwa m'thumba, kabotolo kaja pamwamba. Anatulutsa fomu, naitsamiritsa pa chishalo cha njinga. Zala zinali zitauma ndi chisanu, mwakuti bolopeni inamugwa kawiri. Pamalo paja anazolowera kulemba kuti sakudziwa, analemba za pampu, za kakhwawa, ndi dzina la alamu ake lonse lathunthu.

Msewu wa ku Boma unkadutsa m'mbali mwa munda uja. Mapesi amene anaunjika kuti akwirire m'mizere ya chaka chino anali pomwepo, khasu lake lili chitsamire pachitsa. Anatsika, nalimangirira pa keliyala pamodzi ndi thumba, n'kupalasa kulowera ku Boma.