Chiguduli cha Sisi

Aphunzitsi a Sande sukulu analowa mu shopu yanga osaodira n'komwe, n'kuika zinthu ziwiri patebulo lodulirapo nsalu. China chinali nsalu yoyera yoterera, ya mtundu umene ndimasokera akwatibwi. Chinacho chinali chiguduli, chikununkhabe anyezi.

"Yoyerayi musokere Kadona, muike lesi m'khosi ndi m'manja," anatero. "Chigudulichi ndi cha Sisi. Mungoboola pamutu ndi pamikono basi. Musachikongoletse ayi, chikuyenera kuoneka chonyansa."

Sisi ndi Kadona ndi ana a mng'ono wanga. Sisi ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Dzina lake lenileni linatha ntchito tsiku limene Kadona anabadwa. Kuyambira pamenepo ndi "Sisi tenga thewera", "Sisi mpatse mwana", mpaka ena kutchalitchi amayesa kuti ndilo anabatizidwa nalo. Kadona ali ndi zaka zinayi, ndipo akangotulutsa mlomo wam'munsi, nyumba yonse imasiya zimene ikuchita.

Ndinachotsa phazi pamakina. "N'zachiyani zimenezi?"

"Sewero la ana, Lamulungu likubwerali. Mutu wake ndi nsanje ya pachibale."

Amayi amenewa muyenera kuwadziwa. M'kati mwa sabata amagulitsa mankhwala mu famase, ndiye amakhulupirira kuti chilichonse chowawa chimachiza. Ana sawaphunzitsa ndi nkhani zongowerenga, ati zimenezo zimalowera khutu ili n'kutulukira linali. Iwo amafunsa makolo zimene ana alakwa kunyumba, n'kuzikonza sewero, ndipo wolakwayo amasewera yekha tchimo lake pamaso pa mpingo. Kamnyamata kena koba shuga kanabapo shuga kutsogolo, pafupi ndi guwa. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo kuyambira tsiku limenelo makolo amachita kupikisana kukatula machimo a ana awo ngati chopereka.

Tsono mng'ono wanga anali atakatula nkhani ya nsapato. Mlamu wanga anagula nsapato zija zimayaka timagetsi ukaponda, koma za Kadona yekha, ati saizi ya Sisi kunalibe. Kwa Sisi anangoti, "Iwe ndiwe wamkulu, uzimvetsa zinthu." Kadona anazungulira nyumba yonse akupondaponda, n'kumakaponda dala patsogolo pa mkulu wakeyo. M'mawa mwake nsapato imodzi inasowa. Anafunafuna pansi pa bedi, kuseri kwa kabati, mpaka kunamizira galu wa aneba. Sisi ataona mng'ono wake akulira mpaka kusasa mawu, anapita yekha kubafa, n'kuivuula m'chidebe cha madzi mmene anaimiza, n'kukagwada nayo pamaso pa mayi ake ikudontha. Palibe anamugwira. Anaulula yekha, akulira kuposa mwini nsapato.

"Ndiye mwana akaime m'chiguduli pamaso pa anthu chifukwa cha nsapato?" ndinafunsa.

"M'mera mpoyamba, amayi. Nsanje ikakula imaphetsa. Simuwerenga Mawu inu? Munthu woyamba kukhetsa magazi anakhetsa a m'bale wake."

"Mawu ndimawerenga. Koma m'seweromo muonetsa kuti anaulula yekha?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. "Akaulula yekha sewero litha msanga. Amugwira ndi mngelo. Komanso kumiza nsapato kokha, okhala kumbuyo sangaone bwino, ndiye tawonjezera kuti amukankha Kadona, Kadona agwa, alira. Pamenepo mpamene anthu akhudzidwe."

"Anamukankha liti?"

"Ndi sewero, amayi."

"Ngati ndi sewero, tengani mwana wina. Ngati ndi zoona, nenani zoona zake. Inu mwatenga mwana weniweni n'kumusenzetsa bodza."

Ndinawakankhira nsalu zawo n'kuwauza kuti singano yanga siilowa m'zimenezo. Anapinda zinthu zawo mwaulemu, n'kunena kuti andipempherera, ati mkwiyo nawo ndi tchimo. Atatuluka ndinasoka mkono wa shati ya kasitomala chagada, mpaka ndinachita kuphwasula.

Nditatseka shopu ndinalunjika kwa mng'ono wanga. Ndinamupeza akusita yunifolomu pabalaza, mlamu wanga ali gone pasofa, maso pafoni.

"Iwe, mutu wako ukuyenda bwino? Mwana wako yemwe ukamuyalutse kutchalitchi?"

"Achemwali, musayambe," anatero osatukula n'komwe mutu. "Ana anu anakula, munaiwala. Ine ndatopa n'kuweruza milandu m'nyumba muno. Supuni amalimbirana, mpando amalimbirana, ngakhale ntchafu zanga amalimbirana. Aphunzitsi akuti akasewera kamodzi kokha, nsanje ithera pomwepo."

"Nanga ana apachibale osalimbirana supuni unawaona kuti? Ife sitinkakokerana bulangete mpaka kung'amba? Anativeka chiguduli ndani? Mwana anabweza yekha nsapato. M'malo momuuza kuti wachita bwino, iwe wathamangira kukamugulitsa kwa a famase."

"Ndinavomera kale. Ndikabweza mawu pano, amayi apampingo anditenga bwanji?"

Pamenepo mpamene mlamu wanga anaona kuti nayenso ali ndi nzeru yoti atigawire. "Sewero chabe ilo, alamu. Komanso iye ndi wamkulu, mutu ukakula sulewa nkhonya."

"Mutu wa zaka zisanu ndi ziwiri wakula pati? Inu mukanagula nsapato za onse, kapena kusiya zonse, bwenzi tili pano? Chigudulicho chikanakukwanani inu."

Anaseka n'kubwerera pafoni yake. Palibe chimandipsetsa mtima ngati munthu woseka pamene iwe ukutentha.

Anawo anali kuchipinda. Ndinawapeza atakhala pabedi, Sisi akumumanga Kadona tsitsi kwinaku akuloweza mawu ake chapansipansi: "Ndine wansanje, mtima wanga ndi wakuda." Atandiona anasiya.

"Amayi aakulu, ndikufunseni?"

"Funsa, mwanangu."

"Bwanji nkhani zonse za ku Sande sukulu woipa amakhala wamkulu? Wopha uja anali wamkulu. Ogulitsa mng'ono wawo aja anali aakulu. Mulungu amakonda aang'ono okha?"

Ndinakhala pabedipo pambali pake. Inenso ndine woyamba kubadwa kwathu, koma funso limenelo ndinali ndisanalimvepo.

"Ayi, Mulungu sawerenga kuti uyu anabadwa liti. Unalakwa kumiza nsapato, sindikunamiza. Koma pamene unkaivuula n'kukapepesa, Iye ankakuona, ndipo anakondwera nawe."

Anaganiza pang'ono, chipeso chili m'manja. "Koma aphunzitsi akuti zimenezo mulibe m'sewero."

Ndinayesa kwa abusa. Anandimvera bwinobwino, akugwedeza mutu, pomaliza n'kuti, "Tiona, amayi." Amene anakhalapo m'mpingo akudziwa kuti "tiona" wa abusa ndi chiyani.

Lamulungu tchalitchi chinadzaza mpaka ena kuima m'mawindo, chifukwa mbiri inali itamveka kuti kuli sewero. Anasuntha tebulo la maluwa, n'kuyala kamatiresi kutsogolo, n'kuikapo chidebe. Kadona analowa atavala zoyera, zosokedwa ndi telala wina amene mpendero anaupotoza, nsapato zikuthwanima phazi limodzi lokha. Amayi onse anangoti, "Eee, kukongola!" Kenako analowa Sisi. Chigudulicho aphunzitsi anachita kuboola okha ndi lezala, bowo lapamutu lalikulu ngati la munthu wamkulu, moti chinkangotsetsereka paphewa, mwana n'kumachikweza. Khosi lake linali litafiira ndi kukanda. Pachifuwa anamukoleka chikatoni cholembedwa ndi makala kuti NSANJE, kuopa kuti ena angasokonezeke.

Sisi anamiza nsapato m'chidebe muja monga anamuphunzitsira. Itafika nthawi yokankha, anangomukhudza Kadona paphewa ndi nsonga za zala. Aphunzitsi, atanyonyomala kuseri kwa guwa, ananong'ona mokweza mpaka tonse tinamva: "Mwamphamvu!" Sisi anatseka maso n'kukankha. Kadona anagwera pamatiresi, koma chifukwa chodzidzimuka analira zenizeni, kulira kwa mwana amene sakumvetsa chifukwa chake mkulu wake wamuchita zotere. Tchalitchi chonse chinati, "Aaa!"

"Taonani nkhope yake," anatero amayi ena kumbuyo kwanga. "Ameneyu sakuchita kusewera, ndi mmene alili."

"Ana oyamba ndi choncho," anayankha mnzawo. "Mtima wawo umakhala wa mwala."

Mngelo wa mapiko a katoni anatulukira n'kuloza Sisi chala. Mwana anagwada pasimenti n'kunena mawu ake onse osaphonya ngakhale amodzi, misozi ikutsikira m'chiguduli. Anthu anawomba m'manja, ena nthungululu. Ine sindikudziwa kuti ndinaimirira nthawi yanji, ndinangodzimva ndikukuwa.

"Bodza! Mwanayu sanakankhepo munthu! Nsapato anabweza yekha!"

Mukudziwa chimene chinachitika? Anaseka. Theka la tchalitchi linayesa kuti inenso ndili m'sewero. Mng'ono wanga anandikoka diresi akunong'ona kuti ndikumuchititsa manyazi, ndipo akulu ampingo awiri anandiperekeza kunja mwaulemu waukulu, ngati munthu amene wadwala. Ndili pabwalo ndinkamva aphunzitsi akufunsa ana kuti aphunzirapo chiyani, anawo n'kumayankha pamodzi ngati nyimbo kuti nsanje ndi yoipa.

Dzina lija silinatsalire m'tchalitchi. Ana a mumsewu mwawo anayamba kumuitana Nsanje, kusukulu chimodzimodzi. Amayi ena akamuona akubwera ankakokera ana awo pafupi, moseka, koma ankawakokabe. Koma mng'ono wanga anabwera ku shopu nkhope ili ngwee.

"Achemwali, munkalimbana ndi chiyani? M'nyumba muli zii. Sakanganso, salimbirananso kanthu. Kadona akafuna chidole, Sisi amangosiya n'kuchokapo. Aphunzitsi akuti ndikaperekere umboni."

"Nanga amasewera limodzi?"

"Bola sakumenyana," anatero, n'kuyamba kundifunsa za diresi lake.

Ndinamuyeza m'chiuno, ndipo ndikuvomera kuti tepi ndinaikoka mothina dala.

Loweruka lina masana mng'ono wanga anandisiyira anawo popita kogula zinthu. Pakhomo pa shopu yanga pali masitepe a simenti, ndipo Kadona ankadumphadumpha pamenepo. Sisi anakhala pabenchi pakhonde, manja pamiyendo, ngati mlendo wodikira basi. Ndinamupatsa tizigamba kuti asokere chidole, iye anangothokoza n'kutiika pambali. Ine ndinali m'kati ndi kasitomala, mapini ali kukamwa, ndikukonza mpendero wa siketi, pamene ndinamva phii, kenako kukuwa.

Ndinalavula mapini n'kuthamanga. Kadona anali chafufumimba pansi pa masitepe, mlomo utang'ambika, magazi akutsikira pachibwano. Anali atatukula manja, akulira kuti, "Sisi! Sisi!" Sisi anali ataima pomwepo, pafupi moti akanangowerama akanamufikira. Koma manja ake onse anali kumbuyo, dzanja lina litagwira linzake zolimba.

Ndinamunyamula Kadona n'kumutsindira kansalu pamlomo. Mantha anandilankhulitsa mokalipa.

"Iwe, ukungoyang'ana? Mng'ono wako akukuitana, bwanji sunamudzutse?"

Misozi inali ikuyenderera, koma manja sanawachotse kumbuyo.

"Ndikamugwira anena kuti ndamukankha ndine," anatero. "Amayi aakulu, mukawauze amama kuti sindinamukhudze."