Feliya waulula za njinga ya amama

Kkkk anzanga ndikulemba izi ndikusekabe. Kwathu kuno kwa Chulu tili ndi wailesi yoyenda ndi miyendo, dzina lake Feliya, mng'ono wanga, ali sitandade 2. Ukamuuza kuti usanene ndiye kuti wamutuma.

Nkhani yake ili chonchi. Adada ali ndi njinga yamoto koma nthawi ya fodya imangokhala pakhonde, eni ake ali kuchigafa tsiku lonse kusankha fodya. Ndiye tsiku lina amama anangoti, "Abambo a Olive, bwanji mundiphunzitse chinthu chanuchi?" Olive ndine amene. Adada anaseka mpaka kutsokomola koma anavomera. Anayamba kumaphunzira m'mamawa pakanjira ka ngolo kuseri kwa chigafa, anthu akamva njinga ikulira ankangoti ndi a Lucious amenewo, kunena adada. Amama ankavala thalauzi la adada m'kati, chitenje pamwamba kkkk. Ndipo anatiitana ine ndi Feliya, nkhope osaseka ngakhale pang'ono.

"Izi ndi za m'nyumba muno. Zikangomveka kunja ine ndasiya, sindikufuna kukhala nyimbo kumjigo."

Tinavomera tonse. Feliya mpaka analumbira.

Koma amama anali atayamba kuitha eti. Poyamba ankangoti akasiya kilatchi njinga n'kudumpha ngati mbuzi, kenako anayamba kuyenda bwinobwino, kukhota, kusintha giya osayang'ana pansi. Ankabwera akuimba nyimbo za Mvano. Ine sindinawaonepo akusangalala choncho.

Ndiye Feliya uja anakanong'oneza mnzake Goodness, akuti mnzake wapamtima sawerengedwa ngati kunja kkkk. Mawa lake m'kalasi Madamu Tasnim, aphunzitsi awo, anafunsa ntchito zimene amayi amagwira pakhomo. Ena kuphika, ena kutunga madzi, ena kusoka fodya. Goodness dzanja m'mwamba, "Madamu, amayi ake a Feliya amayendetsa njinga yamoto." Anyamata onse akuti bodza, mkazi sangathe. Feliya wanga magazi anawira. Anaimirira n'kukhuthula zonse, za kanjira, za thalauzi la adada, mpaka za tsiku limene amama anagwera m'mapesi a fodya miyendo m'mwamba adada akuthamanga pambuyo akukuwa kuti buleki buleki. Izi anandiuza yekha pobwera, akunyadira ngati wakhoza mayeso.

Dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika kale kumjigo. Azakhali a Fainala, alongo awo a adada, anabwera ndi ndowa yawo pamutu osaitula n'komwe.

"Alamu, zimene ndamvazi n'zoona? Mayi wa Mvano kumatang'adza panjinga ngati mnyamata wa kabaza?"

Amama anangotembenuka. Analowa m'nyumba, anapinda thalauzi lija n'kuliika pabedi, makiyi anapereka kwa adada. Apa ndiye kuseka kwanga kunatha. Adada anayesa, "Amake Olive, anthu amalankhula lero mawa aiwala," koma amama anangoti ndinanena kale. Feliya analira mamina mbwee, akuti, "Koma ine sindinaname."

Masiku otsatira pakhomo panali zii. M'mawa njinga osalira, nyimbo kulibe. Kumjigo ankandituma ine, ndipo ndikafika azimayi ankayamba kutsokomola monamizira.

Loweruka chakumasana tinangomva odi. Madamu Tasnim, mpango wawo kumutu, mapazi fumbi lokhalokha. Azakhali analinso pompo akutithandiza kutongola chimanga. Amama anayala mphasa mwachangu, akuganiza kuti Feliya wapalamulanso china.

"Ayi mayi, mwanayu sanalakwe kusukulu," anatero Madamu atamwa madzi. "Ndabwera ndi pempho langa. Ine ndimakhala kumsika kuja, kumene amuna anga a Yassin ali ndi golosale. Kusukulu ndimayenda wapansi. Akabaza alipo koma onse ndi amuna, ine kugwira mwamuna wa eni m'chiuno sindimasuka. Ndiye ndamva kuti kuno kuli mayi woyendetsa."

Amama anayang'ana Feliya, Feliya anabisala kuseri kwanga.

"Madamu, mwanayu anakuuzaninso kuti ndimagwa?"

"Anatiuza. Mpaka anagona pansi kutisonyeza mmene munagwera."

Kkkkk anzanga ine ndinalephera kudzigwira. Adada anatembenukira kukhoma mapewa akugwedezeka. Amama anayesa kulimba koma nawonso kunawatulukira m'mphuno.

Azakhali okha ndi amene sanaseke. "Madamu, inu mwatopa nawo moyo?"

"Ndatopa ndi kuyenda, mayi," anatero Madamu. "Mundiperekeze lero lomwe ndione. Tikagwa ndiye kuti Feliya wapeza nkhani ina."

Amama ankangotembenuza chitsononkho m'manja. Kenako anafunsa, "Njira ya kumsika si ija yodutsa pamjigo?"

"Ndi yomweyo," anatero azakhali. "Ndipo nthawi ino ndi pamene pamadzaza."

Amama anadzuka, analowa m'nyumba. Ine ndimati akukabisala. Potuluka anali atamanga chitenje cholimba, miyendo ya thalauzi ikuoneka pansi osabisa.

"Abambo a Olive, makiyi."

Adada anawatulutsa m'thumba msanga ngati anali atawagwira kale. Helemeti amama anapatsa Madamu, anaivala pamwamba pa mpango, mutu n'kukula ngati dzungu kkkk. Anakwera, anawagwira amama m'chiuno, n'kuti bisimila chapansipansi. Njinga inanyamuka bwinobwino osadumpha. Ife pambuyo liwiro, ine, Feliya, adada, ngakhale azakhali ankabwera chapatali akunamizira kuti akupita kwawo.

Ndiye pamjigo penipeni pali mchenga. Njinga inangoti phuphuphu n'kuzima. Pamaso pa azimayi onse. Wopopa anasiya kupopa. Adada anayamba kuthamanga kuti akathandize koma anaima okha pakati panjira, manja anaika m'thumba.

Amama anatsitsa miyendo, njinga sinagwe. Anati, "Madamu khalani momwemo." Anaponda, osalira. Wina anaseka. Anapondanso, osalira. Anapukuta thukuta ndi chitenje, anawongola chiwongolero, anapondanso mwamphamvu, njinga n'kulira mpaka nkhuku kubalalika.

Kenako mayi ake a Goodness, amene ankatsokomola kwambiri masiku onsewa, anati, "Amake Olive, poti mukupita kumsika, pobwera munditengereko mchere."

"Wokhala ndi miyendo akatenge yekha," anatero amama akuseka, n'kukoka moto. Fumbi lokhalokha.

Adada anayang'ana azimayi aja n'kunena ngati akulankhula okha, "Giya imeneyo ndinaphunzitsa ndine." Kkkk palibe anawafunsa.

Amama anabwera dzuwa litapendeka, okha, mchere uli kumbuyo. Atatsika anamwa madzi makapu osawerengeka. Feliya anayandikira pang'onopang'ono ngati mphaka wakuba.

"Amama, ndiye ndinalakwabe?"

"Unalakwa. Ukadzaululanso za m'nyumba muno ndidzakutsina makutu." Anamukokera pamiyendo n'kumupukuta kumaso. Kenako anandiyang'ana ine. "Olive, Lolemba phala muphike nokha. Madamu ndikawatenga m'mawa."