Begayim Wofunsira Anzake

Mayi Jypar ankakhazika ana m'kalasi mwawo motsata malikisi a masamu: okhoza kutsogolo, pafupi ndi mbaula, olephera kumbuyo kozizira. Akutsogolowo sankakweza dzanja. Kufunsa kunali kudziulula kuti sukudziwa, pomwe wapambuyo pako akuusirira mpando wako.

Mtsikana wina, Begayim, anali pa benchi yomaliza, choncho analibe choti n'kumutayika. Tsiku lina pa nthawi yopuma, Nurtilek, mnyamata amene sankatsika pa nambala wani, anamuitanira kuseri kwa shedi ya malasha. Anamupatira kapepala ndi mtedza wodzaza dzanja, n'kumupempha kuti akafunse m'malo mwake chifukwa chimene mainasi ukachulukitsa ndi mainasi umapeza pulasi.

Begayim anafunsadi. Kalasi inaseka, aphunzitsi anafotokoza, Nurtilek n'kumalemba mwakachetechete ngati sizikumukhudza. Pofika nyengo yozizira yogwa chipale chofewa, benchi yonse yakutsogolo inali ikumutuma mafunso. Matumba a jekete lake sankasowa maapozi kapena zipatso zouma. Koma kuti asachite chibwibwi pofunsa, ankayamba walimbana nalo yekha funsolo, ndipo akapanda kumvetsa yankho ankafunsanso kachiwiri osachita manyazi.

M'mawa wina anafunsa za samu yakumapeto kwa buku, imene anali asanaifike. Mayi Jypar anaika choko pansi.

"Iwe Begayim, mafunso akowa amabwera m'kalembedwe kosiyanasiyana. Timapepala tija ndimationa. Ili wakutuma ndani?"

"Ili lokha ndi langa, aphunzitsi. Enawo ndimangogwira ganyu."

Mayi Jypar anayang'ana benchi yakutsogolo, onse maso ali pansi, ndipo mayiwo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi mpango. Kenaka anazindikira kuti mantha a anawa anawadzala ndi iwo omwe.

Lolemba lotsatira ana anapeza mabenchi ataikidwa mozungulira anayianayi, ndipo mndandanda wa malikisi utachotsedwa pakhoma. Aphunzitsi anati kuyambira tsopano azifuna kumva pamene munthu wakodwa, osati amene wamaliza msanga.

Panapita masiku atatu palibe woyamba. Lachinayi Nurtilek anakweza dzanja, makutu ali psuu, n'kunena kuti mafulakishoni sanawamvetsepo chiyambire chaka chatha. Mayi Jypar anatuma Begayim kubolodi kuti amuthandize. Mtsikanayo anayamba bwino, koma pamzere wachitatu anasokoneza. Anatembenuka, choko chili m'manja.

"Apa nanenso ndakodwa. Akudziwa ndani?"

Ana asanu ananyamuka nthawi imodzi, n'kumakanganirana choko.