Galu Waima Pamlatho

"Wamaliza kuona?"

Palibe anayankha. Mwana amene anafunsayo anali yekha kumapeto kwa mkeka, pafupi ndi zenera, buku lili pamiyendo. Dzanja lake linagwira chikuto chakumanzere, mbali yakumanja ikungolendewera. Anzake ankamutcha Kachete.

Linali sabata langa lachiwiri m'laibulale ya pasukuluyi. Ku koleji anatiphunzitsa kusanja mabuku potsata manambala, koma sanatiuze kuti mwana wa Sitandade 1 amayamba walinunkhiza buku asanalitsegule, ndipo ena amalilawa. Mabuku a zithunzi anali ochepa, choncho mayi amene ndinalowa m'malo mwawo anasiya lamulo: buku limodzi, ana awiri. Wina agwire kumanzere, wina kumanja, ndipo tsamba lisatembenuzidwe mpaka mnzako atanena kuti "ndamaliza". Lamuloli ndinalikonda. Linkachepetsa ndewu.

Kachete yekha ndiye analibe mnzake. Tsiku ndi tsiku ankatenga buku lomwelo, lothothoka msana, la galu wosochera, n'kutsegula pamene galuyo waima pakati pa mlatho. Ankafunsa funso lakelo, kenako n'kudikira mpaka belu litalira.

Ndinamupezera mnzake, kamtsikana kolongolola kogweluka mano akutsogolo. Kanayang'ana pamkeka, kumanja kwa Kachete, n'kubwerera chambuyo.

"Apo ayi, Madamu. Pali eni ake."

Ndinayesa ndi masewera a ana. Lachinayi ndinagwada pambali pa Kachete n'kunena ndi mawu okoma aja anatiphunzitsa, "Taona, galuyu watopa n'kuima. Tiye tione kumene akupita." Ndinatembenuza tsamba.

Sanalire. Anandiyang'ana ngati ndaponda munthu chala osapepesa, anatseka buku, n'kutuluka. Lachisanu sanabwere, Lolemba sanabwere. M'kalasi ankalowa ndithu, koma ikakwana nthawi ya laibulale ankatsalira pakhonde, nkhope ataloza kukhoma. Ine amene anandilemba ntchito yokopa ana kuti akonde mabuku, ndinali nditathamangitsa mwana yekhayo amene sankafunika kumukopa.

Lachiwiri amayi osesa anandipeza ndikumata msana wa bukulo.

"Digiri yonse ija yathera pa selotepi?"

"Ntchito yake ndi imeneyi, mayi."

"Ndamva munamutembenuzira tsamba." Anatsamiritsa tsache kukhoma. "Anali awiri ana aja, amapasa. Diresi lofanana, chimfine chofanana. Teremu yatha, Lachitatu onse anali pamkeka pomwepa. Loweruka winayo tinakamuika. Belu la Lachitatulo linawapeza ali pa galu wanuyo, pamlatho paja."

"Nanga bwanji osandiuza?"

"Munafunsa? Inu mumafunsa za mashelefu."

Anatenga tsache lawo n'kupitiriza. Ndinaona kuti atafika pafupi ndi zenera analambalala, monga amachitira munthu posesa pamene pakhala mwana.

Masana aHedi analowa ndi katoni. Anati Lachisanu kukubwera alendo odzaona laibulale, ndiye mabuku onse okutha achoke. La galu analinyamula ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa.

"Ili ndiye likhale loyamba."

"Chabwino, bwana," ndinatero. Nsapato zawo zitasiya kumveka ndinalivuula m'katonimo n'kulibwezera pashelefu yapansi, chikuto chitayang'ana kukhomo.

Lachitatu Kachete anaima pakhomo nthawi yaitali. Sindinamuitane. Ndinakhala ngati ndatanganidwa ndi anyamata awiri amene ankalimbirana ng'ona ya m'buku, wina akuti ikuseka, wina akuti ikuyasamula. Pocheuka ndinapeza wakhala pamalo pake, akusisita selotepi ija ndi chala.

Ndinakakhala pansi chapatali, kunja kwa mkeka. Anatsegula pamlatho.

"Wamaliza kuona?"

Chipinda chinali ndi phokoso la masiku onse, kuseka, kutsokomola, mapepala. Ndinangozindikira kuti nanenso ndatchera khutu. Zenera linali lotseka. Kona ya tsamba lakumanja inadzuka pang'ono n'kuima choncho. Mwina ndi selotepi yanga, ndinali nditaikoka kwambiri.

Kachete anapendeketsa mutu, anagwedeza, n'kutembenuza tsamba.

Galu anawoloka mlatho. Anadutsa pamsika, anabisala mvula pansi pa lole, anathamangitsidwa ndi munthu wa njinga. Pa tsamba lililonse mwanayo ankafunsa, kudikira, kugwedeza mutu. Pa lole paja anaseka, kaphwete kakafupi, n'kugunda mpweya ndi chigongono. Belu linalira, anzake anathamangira kunja, iye osasuntha. Nanenso sindinadzuke, ngakhale mwendo unali utachita dzanzi. Amayi osesa anasuzumira pakhomo n'kubwerera.

Pa tsamba lomaliza galu anali atagona pakhonde la kwawo, mbale ili pambali. Apa sanafunse kanthu. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anatseka buku ndi manja onse awiri.

Anadzuka, anadutsa shelefu yapansi osaima, n'kukafika pa katoni ya aHedi. Analiika bukulo pamwamba pa anzake okutha, bwinobwino, ngati akugoneka khanda. Atatero anabwera pamene ndinakhala. Aka kanali koyamba kundilankhula.

"Madamu," anatero, "mawa ndibwera ndekha."