Ngozi ya Bambo a Gogo Etta

"Ntchito mundichotse ngati mukufuna, Sisita, koma m'chipinda cha Gogo Etta sindilowamo," anatero Cathrine, atapinda manja m'khonde la nyumba yosamalira okalamba ku Croydon.

Rabecca, namwino wamkulu wochokera ku Zomba, anamuyang'ana modekha. Manijala anali atachenjeza kale kuti aliyense wokana kusamalira wokalamba atule yunifolomu.

"Gogo akulakwira chiyani, mwanawe?"

"Si munanena nokha? Nditafunsa za msilikali wa pachithunzi cha m'chipindamo, munati ndi bambo awo, ndipo anafa ndi ngozi. Ine ndili ndi ana, Sisita. Ngozi sifunsa pasipoti!"

Apa mpamene Rabecca anazindikira pagona nkhani. Cathrine anakulira pa famu ku Zimbabwe. Chichewa anachiyamwa kwa agogo ake, koma mantha anawayamwa m'Chishona, momwe ngozi ndi mzimu wa munthu wophedwa, umene umasautsa banja mpaka mlandu utalipidwa.

"Safunsa anadya phula. Kwathu ngozi ndi tsoka logwa mwadzidzidzi, lopanda wolifuna. Tiye ukamve wekha."

Cathrine anatsatira, koma anaima pakhomo. Gogo Etta, mayi wa ku Ireland wa zaka zoposa makumi asanu ndi anayi, anafotokoza mosabisa. Bambo awo analowa usilikali pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, koma kunkhondoko sanafike. Ali kukampu, mnzawo Roy ankapukuta mfuti osadziwa kuti munatsala chipolopolo. Mfutiyo inalira n'kuwapha bambowo pomwepo.

"Mwamva, Sisita? Magazi anakhetsedwa ndithu," ananong'ona Cathrine. Kenaka anafunsa molimba mtima: "Gogo, nanga wowombayo analipa?"

Nkhalambayo inaseka mpaka kutsokomola.

"Alipe chiyani, munthu wopanda ngakhale nkhuku? Nkhondo itatha anabwera kumudzi kwathu. Amayi anamuthira madzi otsukira mbale. Mawa lake anabweranso, khasu lili m'manja. Anatilimira mbatatesi chaka ndi chaka mpaka msana unapindika. Tsiku la ukwati wanga, amene anandigwira dzanja polowa m'tchalitchi anali iyeyo."

Cathrine anayeza nkhaniyo monga momwe akanaiyezera akuluakulu a kwawo.

"Mlandu umenewo unatha," anagamula. "Analipa ndi msana."

Analowa m'chipindamo, natenga chipeso pa tebulo.

"Sisita, inu pitani mukagawe mankhwala. Gogo asiyireni ine. Tsitsi lawoli anthu anu analisokoneza."